Sipanala ya Kamuvi

Lucien anaika chiwongolero cha njinga patebulo langa la kukhitchini, pakati pa kabotolo ka mchere ndi magalasi anga owerengera. Anachiika ndi dzanja lamanzere poti lamanja linali pansalu yokolekedwa m'khosi. Chiwongolerocho chinali m'zidutswa ziwiri, ndipo pamene chinathyokerapo panali patatuluka timaulusi takuda ngati tsache lakutha.

Ine n'kuti nditangofika kumene kuchokera kuntchito, nsapato ndisanavule n'komwe. Ndinkaphikira anthu makumi asanu ndi limodzi kunyumba yosamalira okalamba, kuyambira faivi koloko m'mawa mpaka thu koloko masana, ndipo pofika nthawi imeneyo mapazi ankakhala atatupa ngati mabanzi. Tsiku limenelo ndinkangofuna mpando ndi bata basi, koma ndinapeza mlendo ataima m'khitchini.

"Ndimatsika chitunda cha kwathu chija," anatero Lucien, maso ali pa amuna anga. "Ndinangomva kuti thyo, kenako ndinangoona ndikuyang'ana kumwamba. Fupa la phewa lathyoka pawiri. Helimeti ndiye inachita kung'ambika."

Lucien Beaudry anali wotibweretsera makalata m'dera lathu la ku Duluth. Mkati mwa sabata ankayenda pansi ndi chikwama, Loweruka ndi Lamlungu n'kumathamanga panjinga ndi anzake m'misewu yafumbi ya kunja kwa mzinda. Amuna anga, a Orrin, ndiwo ankamukonzera njinga zake zonse.

A Orrin anatola zidutswazo n'kumazitembenuzatembenuza. Anasisita pothyokapo ndi chala chachikulu, monga ankachitira ndi chitsulo chilichonse chofika m'manja mwawo. Kenako ananena zimene ndinkadziwiratu kuti anena, zoti kaboni, imene anapangira chiwongolerocho, si chitsulo koma pulasitiki yodula, ndipo opanga njinga amasiku ano akugulitsa anthu zikhokhombe za mazira. Lucien anawasiya kuti amalize. Atamaliza anawauza mofatsa kuti anali atapita nacho kushopu ya njinga ya m'tauni, ndipo kumeneko anamuonetsa mizere iwiri pamene chopanira chinaluma. Mabawuti anayi ogwira chiwongolero anali atamangidwa mopyola muyezo. Pambali pa mabawutiwo opanga analembapo nambala 5, amene ndi malire a mphamvu imene kaboni ingapirire. Amene anamanga mabawutiwo mwezi wapitawo tonse atatu tinkamudziwa.

"Sindinabwere kudzayambana nanu, madala," anatero Lucien. "Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikubwera pano, sindikufuna kukayamba kwina. Ndaitanitsa chiwongolero china. Loweruka ndibweretsa njinga kuti mundimangire. Akazi anga akuti mutu wanga unagunda pansi kwambiri, mwina akunena zoona. Koma ngati simungathe, mungondiuza. Sindidandaula."

Anandigwedezera mutu n'kutuluka. Zidutswa zija anazisiya patebulo pomwepo.

Galimoto yathu inagona panja zaka makumi anayi, m'chipale ndi m'mvula, chifukwa m'galaja munkagona njinga za anthu. A Orrin anagwira ntchito kudoko lokwezera miyala ya chitsulo m'sitima, m'phokoso loti munthu sungamve ngakhale chifuwa chako, koma mtima wawo wonse unali m'galajamo. Atapuma kudoko anasamukira momwemo. Pakhoma lakumbuyo panali thabwa lalikulu loyera lokolekapo zida. Chida chilichonse chinali ndi msomali wake, ndipo ankachizunguliza ndi penti yakuda, kujambula chithunzithunzi chake pathabwapo, kuti chikachoka pamalo pake aziona msanga chimene chasowa. Komatu si chida chilichonse chinkajambulidwa. Chatsopano chinkayamba chagona m'dilowa chaka chathunthu, mwina ziwiri, kudikira kuti achione khalidwe. Pulayala imene mwana wathu Signe anawagulira pa Khirisimasi inakalambira m'dilowa momwemo. Ine ndinkawauza kuti pondikwatira sanandiyese chonchi, iwo n'kumati n'chifukwa chake anaphunzirapo.

Chida chimodzi chokha ndi chimene munalibe m'galajamo: sipanala yoyezera mphamvu, imene imakuuza kuti bawuti yakwana, leka. Ankainyoza poyera. Ankati imeneyo ndi ya anthu ophunzira njinga pafoni, ndipo wina akafunsa ankatambasula dzanja n'kunena kuti muyezo uli umu. Sankanama. Kwa zaka zambiri dzanja limenelo silinalakwitsepo.

Koma matenda a shuga anali atawadya pang'onopang'ono, ndipo ine ndinkaona. Ndinkaona mabatani a malaya akuwavuta. Ndinatola zidutswa za makapu atatu m'nyengo yachisanu imodzi. Tsiku lina ndinawapeza ndi thuza pachala, osadziwa kuti anapsa liti. Wailesi ya kanema ankaikweza mpaka mawindo kunjenjemera, koma timakina ta m'makutu anatikana kwamtuwagalu. Zonsezi ndinaziona n'kukhala chete, chifukwa ndinali wotopa, ndipo kukangana ndi a Orrin kumafuna munthu wogona mokwanira. Ndinene pano kuti pa phewa la Lucien mlandu wina unali wanga.

Signe nditamuimbira anayankha msanga, monga amachitira ana okhala kutali. Anati adadi atseke galaja asanaphe munthu, tigulitse nyumba, tipite kwawo ku Tucson kumene kulibe chipale. Sindinamutsutse, poti zoti angaphe munthu zinali zoona. Koma Signe sanaone zimene ndinaona ine. Mkulu wawo wa a Orrin, a Halvor, atalandidwa makiyi a bwato lawo la nsomba anakakhala pampando wa pawindo, ndipo chaka chisanathe tinakawaika. Kuntchito kwanga abambo otere ndinkawapatsa phala m'mawa uliwonse. Samwalira ndi matenda amene analembedwa pakhadi, amangozima. Ndinkaopa kuti a Orrin akatseka chitseko cha galaja, ndiye kuti ndayamba kale umasiye.

Mawa lake poweruka sindinapite kunyumba. Ndinakhotera kusitolo ya zida ya kumsewu waukulu, m'chikwama muli madola makumi anayi amene ndinkafuna kugulira nsapato zantchito. Pakauntala panali mayi wamsinkhu wangawu, waimvi zoluka kumbuyo, pachifuwa atabayapo dzina loti Jolene. Nditanena chimene ndinkafuna, anandiyang'ana kuchokera kutsitsi mpaka ku nsapato zanga zong'ambikazo.

"Mukugulira bambo akunyumba eti? Athyola chiyani?"

Ndinati athyola phewa la munthu. Kumwetulira kuja kunachoka, ndipo anapita kukatenga zida n'kuziyala pakauntala.

Yoyamba inali yamabatire, yokhala ndi kagalasi koonetsa manambala, imene imalira ngati wotchi ikafika pamuyezo. Nditaona mtengo wake ndinaikankhira pambali ndi chala chimodzi kuopa kuidetsa. Yachiwiri inali kachida kakang'ono ngati kotsegulira botolo, koterereka kokha bawuti ikakwana, moti ngakhale ulimbike bwanji sungapyole. Koma kanali ka nambala imodzi yokha, pamene njinga za m'galaja mwathu zinkafuna apa 4, apo 6, kwina 12. Yachitatu inali m'kabokosi kakuda ka pulasitiki, yonyezimira, yolemera bwino m'manja. Umapotokola chogwirira mpaka pa nambala imene ukufuna, ndipo bawuti ikafika pamenepo sipanalayo imalira. Jolene anaitchera pa 20, naikoleka pabawuti yaikulu imene anaimangirira pakauntala yoonetsera anthu, n'kukoka. Inalira kuti kha, momveka, moti bambo amene ankasankha misomali uko anatembenuka.

Panalinso yachinayi, imene anachita kuitola pansi penipeni pa shelefu n'kuipukuta fumbi ndi mkono wa juzi. Inali ndodo yachitsulo chabe, yokhala ndi kamuvi koonda ngati singano yolukira. Ukamakoka ndodoyo imapindika pang'ono, kamuvi n'kumaloza manambala pakambale kakang'ono pafupi ndi dzanja. Jolene anati imeneyo ndi ya makedzana, ilibe choti chingaonongeke, mtengo wake ndi theka la inayo, koma anthu saifuna chifukwa silira ndipo imafuna maso.

Ndinatenga yolirayo. Ndinaganiza kuti munthu wonyada ngati a Orrin akhoza kulolera chida chooneka chodula, chokhala ndi bokosi lakelake, kusiyana ndi kandodo kooneka ngati kotokosera moto. Ndinasankha ndi maso, monga ndinachitira posankha mwamuna. Za makutu awo sindinaganizeko n'komwe, poti kha uja anali atamveka sitolo yonse.

Bokosilo linagona patebulo lawo la m'galaja tsiku lathunthu osatsegulidwa. Analisuntha kawiri kuti lisawatsekereze, ngati ndi mphaka wa eni. Lachitatu masana ndinalephera kupirira. Ndinalowa m'galajamo ndili ndi yunifolomu yonunkha anyezi.

"Madala, m'bokosimo muli nsapato zanga. Muiyesa sipanalayo, kapena njinga ya Lucien ndimange ndine?"

Anang'ung'udza, koma anatenga kakhosi kakale kogwira chiwongolero, anakapana pachopanira, n'kulowetsamo chidutswa cha paipi. Sipanala ija anaitulutsa m'bokosi ndi zala ziwiri. Anaiyandikitsa kumaso, naitalikitsa, naiyandikitsanso, kufunafuna manambala. Ndinawalanda n'kuitchera pa 5 monga anandionetsera Jolene, kenako ndinabwerera kukatsamira pakhomo chifukwa msana unali utayamba kulankhula.

Anaikoleka pabawuti n'kuyamba kukoka. Posakhalitsa ndinamva ka kha kakang'ono kwambiri, ngati munthu akuwenga chikhadabo m'chipinda china. Ndinadikira kuti aleke. Sanaleke. Ndinaganiza kuti mwina akuchita dala pofuna kuiyesa, ndipo pamene ndimati nditsegule pakamwa, mutu wa bawuti unaduka n'kugubuduzika pansi mpaka kukalowa kunsi kwa chotenthetsera.

"Mwaonatu," anatero a Orrin, nkhope itawala ngati apambana mlandu. "Yotchipa ndi yotchipa. Sinalire n'komwe."

"Inalira."

"Sinalire, Marlys."

"Inalira, Orrin. Ine ndili pakhomo pano ndaimva."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati ndiyandikire, ndigwire mkono wawo, ndipo ikalira ndiwatsine. Anaikoleka pabawuti yachiwiri. Ulendo uno anakoka pang'onopang'ono, mutu ataupendeketsa, khutu lili pafupi ndi chitsulo, mpweya ataugwira. Inalira, ndipo ndinaona ndi maso anga chogwirira chikugwedezeka pang'ono m'dzanja lawo. Ndinawatsina.

"Pamenepa?" anafunsa.

Ndinavomera ndi mutu. Sanamve kulirako, ndipo kugwedezeka kuja dzanja lawo silinakumve.

Anaika sipanalayo pansi bwinobwino n'kukhala pa kabokosi kamatabwa. Anatambasula manja awo pamaondo, manja aakulu akuda ndi girizi wosachoka, n'kumawayang'ana ngati a munthu wina. Anati zili ngati avala magolovesi achisanu amene sakutha kuwavula. Ndinafunsa kuti zinayamba liti, iwo anati chisanu cha chaka chatha chisanayambe. Anati poopa kuti bawuti ingamasuke munthu ali pachitunda, ankangowonjezera pang'ono pa iliyonse, kuti akhale ndi mtendere.

"Nanga osanena bwanji?" ndinafunsa.

"Inu osafunsa bwanji?"

Chotenthetsera chinkangolira, madzi a chipale chosungunuka akudontha kuchokera padenga. Chisoni chinandigwira, komanso mkwiyo, ndipo pansi pa zonsezo panali kutopa kosaneneka. Kenako anadzuka, anazimitsa nyale ya patebulo, n'kunena kuti ndimuimbire Lucien ndimuuze kuti apite nayo kushopu ya m'tauni. Ndinawauza kuti foni ili pakhoma, zala zoimbira zikadalipo, amuimbire okha.

Sanamuimbire, koma m'galaja sanalowemonso. Lachinayi pobwera kuntchito ndinapeza chitseko chake chili chokhoma, chinthu chimene sindinachionepo masana chikwatiwireni. Iwo anali pampando wa pawindo, atafunda bulangete m'miyendo, akuonera anthu osawadziwa akupikisana kuphika makeke. Chakudya chimene ndinawasiyira chinali chosakhudza. Atatembenuka kundiyang'ana ndinaona nkhope ya a Halvor.

Lachisanu ndinabwerera kwa Jolene ndi bokosi lakuda lija. Nditamufotokozera anagwira pakamwa. Anati akanandiuza kuti pa manambala aang'ono kulirako kumachepa kwambiri, kungoti aliyense amamuonetsa pa 20 chifukwa m'pamene imamveka bwino. Anandikankhiranso kakang'ono koterereka kokha kaja, nati aka sikafuna makutu, sikafuna maso, ngakhale mwana angamange nako. Ndinakagwira m'manja n'kuganiza ndithu. Pa bawuti za Lucien kakanatha kugwira ntchito. Koma ndinkawadziwa a Orrin. Chida choti ngakhale mwana angamange nacho akanachiyang'ana kamodzi n'kubwerera kumpando wa pawindo uja. Ndinaloza pansi pa shelefu.

"Ya kamuvi ija? Koma maso awo ali bwino?"

"Ayi," ndinatero. "Anga ndiye ali bwino ndikavala magalasi."

Jolene anandiyang'ana pang'ono, kenako anaikulunga m'pepala.

Loweruka linali tsiku lokhalo limene ndinkagona mpaka dzuwa kulowa m'chipinda. Loweruka limenelo ndinadzuka seveni koloko, ndinatenga kiyi m'thumba la jekete lawo, n'kukatsegula galaja. Ndinayatsa chotenthetsera ndi nyale, ndinakoka kabokosi kamatabwa kaja n'kukhalapo, khofi ali m'manja, magalasi ali pamphuno, kandodo kanga kali pamiyendo. Cha m'ma naini ndinamva Lucien akukankha njinga ndi dzanja limodzi m'kanjira ka kunyumba, chiwongolero chatsopano atachimangirira pafelemu ndi chingwe. Ndinamvanso chitseko cha kukhitchini chikutseguka. A Orrin ankatuluka kuti akamubweze, koma anaona nyale ya m'galaja ikuyaka.

Anafika pakhomo ali ndi masilipasi. Anayang'ana ine, nayang'ana chimene chinali pamiyendo panga.

"Chimenecho n'chiyani? Chotokosera mbaula?"

"Ndi sipanala yosalira, ya anthu osamva. Inu muzikoka, ine ndiziwerenga. Ndawerenga sikelo ya ufa zaka makumi atatu, kamuvi aka sikangandizunguze mutu."

Anatembenukira kwa Lucien, amene anali ataima panja ndi njinga yake ngati munthu wofika pamaliro asanaitanidwe. Ndinkaganiza kuti ayambanso za pulasitiki yodula zija.

"Lucien, anakuthyola ndine. Manja angawa anasiya kumva. Ukafuna kupita nayo kutauni, pita, ndipo ukhala wachita bwino."

"Ndinkadziwa, madala," anatero Lucien. "Ndikakupatsani makalata m'manja mumawagwetsa. Nanenso ndinangokhala chete." Anakankha njingayo kuilowetsa m'galaja. "Mayi Lindahl awa akawerenga, ine ndikwera."

A Orrin anaima kanthawi. Kenako anavula masilipasi, navala nsapato zawo zantchito zimene zinkakhala kuseri kwa chitseko, n'kukweza njingayo pachoimikira.

Zaka zonsezo ndinali ndisanakhalepo pansi n'kuwaonerera akugwira ntchito. Ndinkangolowa kudzawaitana kuti chakudya chapsa. Tsiku limenelo ndinaona zimene anthu ankabwerera kuchokera kutsidya la mzinda. Anapukuta kakhosi ka njingayo mpaka kuyera, anapaka mankhwala oletsa kuterereka, anaika chiwongolero n'kubwerera m'mbuyo masitepe awiri, diso limodzi atatsinzina, kuona ngati chakhala pakati. Anafunsa Lucien ngati akufunabe chopendekera pang'ono m'mwamba monga kale chifukwa cha dzanja lake lamanzere limene limachita dzanzi paulendo wautali. Lucien mwini wake anali ataiwala kuti anawauzapo zimenezo. Mabawuti anayi aja anawalowetsa pang'onopang'ono modumphitsa, wapamwamba kumanja, wapansi kumanzere, kuti mpata ukhale wofanana mbali zonse. Kawiri bawuti inawapulumuka n'kugwa, ndipo kawiri konse ndinaitola.

Kenako anatambasula dzanja osandiyang'ana. Ndinawapatsa kandodo kaja.

Ndinasendeza kabokosi kanga mpaka phewa langa kukhudza m'chiuno mwawo, chifukwa Jolene anati kamuviko uzikayang'ana molunjika, ukakayang'anira chammbali kamanama. Anayamba kukoka. Kamuvi kananyamuka monjenjemera.

"Ziwiri," ndinatero. "Zitatu. Zinayi. Pang'onopang'ono tsopano. Zinayi ndi theka. Basi."

Analeka pomwepo. M'zaka makumi anayi ndi chimodzi za ukwati wathu, aka kanali koyamba kuti ndinene kuti basi iwo n'kuleka. Koma dzanja sanalichotse. Anayang'ana bawutiyo, nayang'ana chigongono chawo chimene chinali chisanayambe n'komwe kulimba.

"Zisanu n'zimenezi?"

"N'zimenezo."

"Zochepa chonchi?"

Maso awo anapita pansalu imene inali m'khosi mwa Lucien, nakhala pamenepo. Lucien anayamba kuwerenga kalendala yakale imene inali pakhoma ngati muli nkhani yofunika. Patapita nthawi a Orrin anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja, nakoleka sipanala pabawuti yachiwiri.

"Werengani, mayi," anatero.

Tinamaliza onse anayi, n'kubwerezanso ulendo wachiwiri monga anafunira iwo. Njinga itatsitsidwa, Lucien anatsamira pachiwongolero ndi dzanja lake labwinolo, thupi lonse, n'kuchigwedeza uku ndi uku. Sichinasunthe. Anati adokotala amuuza kuti adikire masabata asanu ndi limodzi asanakwere, ndipo akazi ake amuuza kuti adikire mpaka iwo atamwalira. Ali pakhomo anatembenuka n'kunena kuti anzake awiri a m'gulu lawo ali ndi njinga zofuna kukonza chipale chisanatheretu, kodi awauze kuti abwere Loweruka likudzali? A Orrin anayang'ana ine. Ndinaganiza za bedi langa, za mapazi anga, za Loweruka lililonse limene linanditsalira padziko lino, ndipo ndinamva kutopa kukutsika mpaka m'mafupa. Ndinati abwere, koma isanakwane naini asagogode.

Lucien atapita, a Orrin anapukuta sipanala ija ndi kansalu n'kutsegula dilowa. Anaiika pambali pa pulayala ya Signe. Sindinadabwe. Ndinapita kukagona masana onse.

Lolemba linali tsiku loipa kuntchito. Uvuni umodzi unafa, mnzanga wophika naye sanabwere, ndipo nsapato yanga yakumanzere inatsegula pakamwa penipeni ndili pakati pogawa chakudya. Ndinafika kunyumba ndikukoka mwendo. Mpando wa pawindo unali wopanda munthu, bulangete litapindidwa. Ndinadziponya pampando wa kukhitchini kuti ndione makalata amene anabwera, koma magalasi anga panalibe. Ndinafufuza pambali pa kabotolo ka mchere pamene amakhala, m'chikwama, kubafa, ngakhale m'firiji, poti zinandichitikirapo. Ndinatuluka ndikulalata ndekha kuti ndikafunse a Orrin ngati awaona.

M'galaja munalibe munthu. Ndinawamva ali kuseri kwa nyumba akutsuka bulashi pampopi, akuimba mluzu wosalongosoka wa munthu wosadzimva. Munkanunkha penti. Pathabwa loyera lija, pakati pa masipanala akale amene anajambulidwa Signe asanabadwe, panali misomali iwiri yatsopano. Pa woyamba panali kandodo kanga kotchipa, katazungulizidwa ndi mzere wakuda wokhotakhota, wojambulidwa ndi dzanja lonjenjemera. Pa wachiwiri panali magalasi anga. Nawonso anali atawazunguliza, magalasi onse awiri ndi timiyendo take tomwe.

Ndinawachotsa pamsomali kuti ndikawerengere makalata aja. Pathabwa panatsala maso awiri akuda, opanda kanthu mkati, akundiyang'ana. Ndinakhudza mzerewo ndi chala. Penti inali isanaume.